Kodi kachilombo kamaboola thupi ngati thekenya?

"Adokotala, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimagulitsa mbatatesi ndi tomato pa Lizulu. Mlongo wanga wamng'ono anapezeka ndi HIV chaka chatha, akumwa ma ARV ndipo akukhala pakhomo panga. Azakhali athu akuti ndimupatulire mbale ndi beseni, ati kachilomboka kamaboola khungu ngati thekenya. Mwana wanga wa Fomu 3 akutsutsa, akuti kusukulu anaphunzira kuti kachilombo kamalowa m'maselo, koma ndikamufunsa kuti kamalowamo bwanji amangokanda m'mutu. Nanga kamalowa bwanji poti akuti kalibe miyendo kapena mano? Zovala za mlongo wangayo ndimachapa ndi manja, kodi ndili pa chiopsezo? Chinanso, nkhuku zanga zinatha ndi chitopa, ife tinkazigwira koma palibe anadwala. Zimatheka bwanji?" Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu.

Mayi, choyamba mtima ukhale m'malo. Kuchapa zovala za mlongo wanu, kudya naye mbale imodzi kapena kusambira beseni limene iye wasambira sikungakupatseni HIV. Azakhali anu akulankhula chifukwa chokuderani nkhawa ndipo sitingawanyoze, koma fanizo lawo la thekenya silikugwirizana ndi mmene kachilomboka kamachitira. Pa zaka zimene ndakhala ndikuona odwala ndazindikira kuti kungouza munthu kuti "musaope" sikuthandiza kwenikweni, chifukwa akafika kunyumba mantha aja amabwerera. Chimene chimakhazika mtima pansi n'kudziwa njira yeniyeni imene kachilombo kamadutsa, choncho ndiloleni ndifotokoze motalikirapo.

Mawu akuti kachilombo amatisokoneza chifukwa timawagwiritsa ntchito pa zinthu zosiyana kwambiri: nsikidzi, njoka za m'mimba, tizilombo ta malungo, mabakiteriya oyambitsa kolera, zonsezi timangoti tizilombo. HIV, Covid-19, chikuku, poliyo, chiwewe ndi chitopa zimayamba ndi gulu lina lapadera lotchedwa mavairasi, ndipo ndi gulu limeneli limene ndikunena ndikamati kachilombo m'yankho lino. Thekenya ndi kanyama kathunthu, kali ndi miyendo, kali ndi pakamwa, kamadya ndipo kamaikira mazira. Kachilombo ka vairasi kalibe chilichonse mwa zimenezi. Ndi kaphukusi chabe ka malangizo, olembedwa pa ulusi wa RNA kapena DNA, kokutidwa ndi chikamba cha mapuloteni, ndipo mitundu ina ili ndi chikuto china chamafuta kunja kwa chikambacho. Sikadya, sikapuma, sikayenda, ndipo sikangaswane pakokha pokhapokha katalowa m'selo lamoyo n'kugwiritsa ntchito zipangizo za selolo. Kuchepa kwake n'kovuta kukuyerekeza: mutandandalika tizilombo ta HIV pamzere, pangafunike pafupifupi 10,000 kuti tikwane milimita imodzi ya pa rula. N'chifukwa chake anthu anadziwa kuti mavairasi alipo asanawaone. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anasefa madzi a masamba a fodya wodwala m'sefa yoti mabakiteriya sangadutse, koma madzi osefedwawo anadwalitsabe fodya wabwino. Mu 1898 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anatsimikiza kuti choyambitsa nthendayo n'chinthu cha mtundu wina, ndipo chithunzi chake chinadzaoneka mu 1939 patapangidwa makina amphamvu oonera zinthu pogwiritsa ntchito maelekitironi.

Tsono selo. Timakonda kunena kuti thupi linamangidwa ndi maselo ngati mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa, koma selo si lolimba ngati njerwa. Ndi kathumba kofewa kokutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri yopangidwa ndi mafuta, ndipo pa nembanembayo pamera mapuloteni ambirimbiri amene selo limagwiritsa ntchito polandira mauthenga, pokoka chakudya ndi pozindikirana ndi maselo anzake. Kuti kachilombo kadwalitse munthu kayenera kufika pa selo loyenera, kumatirira pamenepo, kenako n'kuoloka nembanemba ija. Kakalephera chimodzi mwa zimenezi, ulendo wake wathera pomwepo.

Funso lanu la kuchapa likuyankhidwa ndi gawo loyambali. Khungu la kunja limene mumakhula ndi mwala posamba ndi maselo akufa, ouma, osanjikizana, ndipo m'selo lakufa mulibe chimene kachilombo kangagwiritse ntchito. Poti sikatha kukumba kapena kukwawa, kakagwera pakhungu labwinobwino kamangokhala pomwepo mpaka kuuma kapena kutsukidwa. Njira zake ndi malo onyowa amene maselo amoyo ali poyera, monga m'mphuno, kummero, m'mapapo, m'matumbo, m'maso ndi m'njira ya abambo kapena ya amayi, apo ayi pamene khungu latsegulidwa ndi chinthu china: bala, singano, lezala yotemera mphini anthu angapo, kapena mano a galu. Udzudzu umafalitsa mavairasi ena monga a dengue, koma HIV ayi, chifukwa kachilomboka sikaswana m'thupi la udzudzu, kamangogayidwa limodzi ndi magazi amene udzudzuwo wayamwa.

Gawo lachiwiri, la kumatirira, ndimalifotokoza ndi chisoso. Mukadutsa m'munda nthawi yokolola, chisoso sichikuthamangitsani, inu ndi amene mumachikhudza, ndipo timinga take timakola pa chitenje kapena pa ubweya wa mbuzi. Chisoso chomwecho muchiponye pa mphika kapena pa ndowa, chimangogwa. Kachilombo nako kali ndi timinga ta mapuloteni kunja kwake, ndipo kamangotengeka ndi magazi, mamina kapena madzi ena a m'thupi n'kumagundana ndi maselo mwachisawawa mpaka kaminga kake katapeza chogwirira chokwanirana nako. Kusiyana kwake n'koti chisoso chimakola pa nsalu iliyonse, pamene kaminga ka kachilombo kamasankha kwambiri, kamafuna puloteni ya maonekedwe amodzi okha.

Kwa HIV, chogwirira chimenechi dzina lake mukulidziwa kale, chifukwa mwina mwaliona m'buku la kuchipatala la mlongo wanu: CD4. CD4 ndi puloteni imene ili pamwamba pa maselo ena oyera a m'magazi, amene timawatcha asilikali a m'thupi, ndipo ntchito yake yeniyeni n'kuthandiza maselowo kuzindikira adani. Kachilombo ka HIV kanapezeka mu 1983 ku Institut Pasteur ku Paris, ndipo chaka chotsatira, 1984, ofufuza anazindikira kuti kamagwira pa CD4. Komabe panali chodabwitsa, chifukwa maselo ena okhala ndi CD4 sankalowedwa. Yankho linapezeka mu 1996: pamafunika chogwirira chachiwiri, CCR5 kapena CXCR4. Kaminga ka HIV kali ndi mutu wotchedwa gp120 ndi tsinde lotchedwa gp41. Mutuwo ukagwira CD4 umasintha maonekedwe n'kuvundukula mbali imene inali yobisika, ndipo mbali imeneyo ndi imene imagwira CCR5. Kufunika kwa chogwirira chachiwirichi kunaonekera poyera pamene kunapezeka kuti anthu ochepa, makamaka a kumpoto kwa Ulaya, amabadwa opanda CCR5 pa maselo awo ndipo mitundu yambiri ya HIV imalephera kuwalowa. Timothy Ray Brown, amene anachira HIV ku Berlin, anaikidwa mu 2007 maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wotere pomuchiza khansa ya m'magazi. Ndikutchula zimenezi ngati umboni chabe, osati ngati njira yoti mlongo wanu aiyembekezere, chifukwa chithandizo chimenecho n'choopsa ndipo chimaperekedwa kwa amene khansa ikufuna kuwapha. Chimene mutolepo n'choti maselo a khungu la kunja la m'manja mwanu alibe CD4, ndiye HIV ilibe pogwira.

Kachilombo kalikonse kali ndi chogwirira chake, ndipo zimenezi n'zimene zimachititsa kuti matenda asankhe ziwalo. Ka Covid-19 kamagwira puloteni yotchedwa ACE2, imene imapezeka m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Ka hepatitis B kamagwira NTCP, puloteni imene maselo a chiwindi amakokera mchere wa ndulu, n'chifukwa chake nthendayi imakhazikika m'chiwindi. Ka chimfine chachikulu cha fuluwenza kamagwira mtundu wina wa shuga umene uli kunsonga kwa mapuloteni a m'njira yopumira. Palibe chogwirira chimene chinalengedwera kachilombo. Zonsezi ndi zida za ntchito za selo zimene kachilombo kamangopezerapo mwayi.

Tafika pa funso limene linakanika mwana wanu: kamatirira, tsono kaoloka bwanji? Njira yoyamba ndi ya tizilombo tokhala ndi chikuto chamafuta, ndipo HIV ili m'gulu limeneli. Taonani madontho a mafuta ophikira akuyandama pamwamba pa msuzi. Awiri akayandikana kwambiri amangolumikizana n'kukhala dontho limodzi, popanda kuboolana. Chikuto cha HIV ndi nembanemba ya selo zonse ndi zamafuta, ndipotu chikutocho kachilombo kanachitenga pa selo limene kanabadwiramo potuluka. Vuto n'loti pazokha ziwirizi sizifika pogundana, zimakankhana chifukwa cha madzi amene ali pakati pake, choncho pamafunika mphamvu yozikokera pamodzi. Mphamvuyo ili mu gp41, tsinde lija, limene limakhala lopindidwa ngati ndodo ya msampha imene anyamata amatchera mbalame kudambo. Mutu ukagwira zogwirira zonse ziwiri msamphawo umafwamphuka: tsinde limatambasuka, nsonga yake n'kuzika mu nembanemba ya selo, kenako limapindikanso pakati n'kukoka chikuto cha kachilombo ndi nembanemba ya selo mpaka zitasakanikirana. Pamatseguka kampata, ndipo chikamba chokhala ndi malangizo a kachilombo chimagwera m'kati mwa selo pamene chikuto chija chatsala kunja ngati gawo la nembanemba ya selolo. Ngati pali pamene azakhali anu akuyandikira choonadi ndi pa nsonga yozikayi, koma imazika mu nembanemba yopyapyala kuposa kachilombo komweko, ndiponso pokhapokha CD4 ndi chogwirira chinzake zitagwidwa kale. Msamphawu umafwamphuka kamodzi kokha, ndipo ukafwamphuka pachabe kamingako katha ntchito.

Njira yachiwiri ndi imene tizilombo tambiri timadutsa, ndipo pano selo lenilenilo ndi limene limameza mdani wake. Maselo amameza zinthu tsiku lililonse: chinthu chikagwira pa chogwirira, nembanemba imalowa m'kati pamalopo n'kuchikulunga, ngati mmene mumakulungira ndalama pa nsonga ya chitenje n'kumanga mfundo, kenako kamfundoko kamaduka n'kukhala kathumba koyandama m'kati mwa selo. Kachilombo kakamatirira, selo limakatenga ngati katundu wamba n'kukakulunga chimodzimodzi. Apa kachilombo kalowa koma sikanafike, chifukwa kadakali m'thumba, ndipo selo limayamba kuthira asidi m'kathumbako kuti ligaye zimene lameza. Ka fuluwenza kamadikira asidi ameneyu. Kuwawasa kwake n'kumene kumafwamphula msampha wa timinga take, ndipo chikuto chake chimasakanikirana ndi khoma la kathumbako n'kutaya malangizo ake m'selo. Ka chiwewe kamachitanso chimodzimodzi. Ka Covid-19 kamatha njira zonse ziwiri: pamene selo lili ndi puloteni yodula yotchedwa TMPRSS2 pamwamba pake, kaminga kamadulidwa pomwepo ndipo kachilombo kamalowera panja pomwe, koma pamene palibe, kamayamba kamezedwa n'kukadulidwira m'kathumba.

Nanga tizilombo topanda chikuto chamafuta, monga ta poliyo, ta rota totsegula m'mimba ana, ndi ta HPV toyambitsa khansa ya khomo la chiberekero? Timeneti sitingasakanikirane ndi nembanemba, choncho timamezedwa kaye kenako n'kupeza potulukira m'kathumba. Ka poliyo kakagwira chogwirira chake, CD155, chikamba chake chimafufuma pang'ono n'kutulutsa tizidutswa ta mapuloteni timene timapanga kabowo pa khoma la kathumba, ndipo ulusi wa RNA umadutsa pa kabowoko chikamba n'kutsala chopanda kanthu. Mitundu ina imangong'amba kathumbako. Ka HPV kamafuna maselo a pansi penipeni pa khungu kapena pa nembanemba ya khomo la chiberekero, ndiye kamadalira timing'alu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso kuti kafikeko.

Poti ndinu wa mbatatesi ndi tomato, ndionjezepo za mbewu. Selo la chomera lili ndi khoma lolimba kunja kwa nembanemba, ndipo mavairasi sangalidutse paokha. Amadikira bala kapena tizilombo toyamwa madzi a mbewu. Nsabwe za m'masamba zikazika mlomo wake m'tsamba lodwala n'kukazikanso m'tsamba labwino, zimalowetsa kachilombo m'selo mwachindunji, ndipo kuchokera pamenepo kamafalikira kudzera m'timipata tolumikiza maselo mpaka kukafika ku mbatata pansi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene alimi a ku Tsangano ndi ku Bembeke amaonera mbewu yobwereza chaka ndi chaka ikucheperachepera zokolola, masamba akupiringizika. Tizilombo ta mbewu timeneti sitidwalitsa munthu.

Za chitopa, yankho lake silophweka ngati mmene ena amaliperekera. Kachilombo ka chitopa kali ndi chikuto chamafuta ndipo kamagwira shuga wa mtundu womwe uja wa fuluwenza, amene ifenso tili naye, moti kamatha kulowa m'maselo ena a munthu. Anthu ogwira nkhuku zodwala kapena katemera wake nthawi zina amafiira maso kwa masiku ochepa. Chimene chimatiteteza n'choti kulowa si kupambana. Selo la munthu likazindikira mlendo limatulutsa chenjezo lotchedwa interferon, ndipo kachilombo ka chitopa kamadziwa kutseka pakamwa chenjezo la nkhuku koma la munthu kamalephera, ndiye kamazimitsidwa kasanafalikire. Ngakhale zili choncho, musamadye nkhuku zofa zokha, chifukwa ndi maso simungasiyanitse chitopa ndi chimfine cha mbalame, chimene nthawi zina chimapha anthu. Nkhuku zikayamba kufa motsatizana dziwitsani alangizi a ziweto, ndipo mukayambanso kuweta muziwafunsa za katemera wodonthezera m'diso.

Mukamvetsa njirazi, malangizo ambiri a zaumoyo amasiya kukhala malamulo ongoloweza. Sopo amasungunula mafuta, choncho amaphwasula chikuto cha HIV, cha Covid-19, cha fuluwenza ndi cha chitopa, ndipo chikuto chikaphwasuka timinga timatayika, kachilombo n'kusowa cholowera. Madzi a sopo amene mumachapira zovala za mlongo wanu ndi malo amene HIV singakhalemo. Tizilombo topanda chikuto n'tolimba kwambiri, timapirira asidi wa m'mimba ndipo timakhalitsa m'madzi ndi m'dothi, n'chifukwa chake poliyo ndi rota zimayenda ndi chimbudzi ndi madzi akumwa. Kwa timeneti sopo amathandiza potikokolola m'manja, koma madzi akumwa amafunika kuwiritsa kapena kuthira kolorini. Katemera naye amagwira ntchito pa gawo lomweli: amaphunzitsa thupi kupanga mapuloteni oteteza amene amakakamira pa timinga ta kachilombo n'kutiphimba kuti tisapeze pogwira. Mwana wa ku Lilongwe amene analengezedwa mu February 2022 kuti wapuwala ndi poliyo anatikumbutsa chifukwa chake madontho a katemera wa poliyo sayenera kudumphidwa. Katemera wa HIV wakhala akuvuta chifukwa timinga take n'tochepa, tophimbidwa ndi shuga, timasinthasintha msanga, ndipo mbali yofunika kwambiri imangoonekera kakanthawi kochepa pamene CD4 yagwidwa kale.

Ma ARV amene anthu ambiri akumwa kuno, osakaniza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, sagwira pa khomo ayi, amagwira m'kati. Awiri oyambawo amaletsa kachilombo kusandutsa RNA yake kukhala DNA, ndipo dolutegravir amakaletsa kusokerera DNA imeneyo pa DNA ya selo. Alipo mankhwala otseka polowera, monga maraviroc amene amaphimba CCR5 ndi enfuvirtide amene amagwira gp41 kuti isapindike, koma sagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala oyambira ndipo mlongo wanu sakusowa kanthu posawalandira. Akamamwa mankhwala ake tsiku ndi tsiku osadumphitsa, tizilombo m'magazi mwake timachepa mpaka makina osatha kutiona, ndipo munthu amene wafika pamenepo n'kukhalabe choncho sapatsira mnzake ngakhale pogonana. Thandizo lalikulu limene mungamupatse n'kumukumbutsa mankhwala ndi tsiku lokayezetsa kuchuluka kwa tizilombo, osati kumupatulira mbale, chifukwa ndaona anthu akusiya mankhwala atayamba kusalidwa pakhomo pawo pomwe.

Pali nthawi zingapo zimene simuyenera kuzengereza. Ngati zovala zili ndi magazi ambiri ndipo inu muli ndi bala kapena ming'alu yotuluka magazi m'manja, valani magolovesi kapena majumbo, ndipo nyikani zovalazo m'madzi a sopo kapena a Jik musanachape. Mukabayidwa ndi singano kapena kutemeka ndi lezala yokhala ndi magazi a munthu wina, tsukani pabalapo ndi madzi ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukapempha PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amamwedwa masiku 28 ndipo ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Chimodzimodzinso munthu amene wagwiriridwa. Wina akalumidwa ndi galu kapena mphaka, tsukani balalo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15 kenako thamangani naye kuchipatala, musadikire kuti muone kaye mmene galuyo akhalire. Kachilombo ka chiwewe kamalowa m'mitsempha ya ubongo yapafupi ndi bala n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo katemera amathandiza kasanafike ku ubongo. Zizindikiro zikayamba, pafupifupi aliyense amamwalira.

Pakhomo panu chimene ndingachiyang'anire kwambiri si HIV koma chifuwa chachikulu, chimene chimayamba ndi bakiteriya ndipo chimayenda mumpweya. Mlongo wanu akayamba kukhosomola, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda, apite akayezetse makhololo mwamsanga, ndipo akapezeka nacho ana anunso akaunikidwe. Mufunsenso kuchipatala ngati mlongo wanuyo anayezedwapo hepatitis B, chifukwa kachilombo kameneka kamapatsirana kudzera m'magazi mosavuta kuposa HIV ndipo kamatha kukhala ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Choncho zinthu zoti aliyense pakhomopo akhale ndi zake, kaya ali ndi HIV kaya alibe, ndi lezala, singano ndi mswachi. Ngati azakhali akukayikabe, ndipo mlongo wanu wavomera, atengeni tsiku limene iye akukatenga mankhwala kuti akafunse okha kwa anamwino kapena aphungu a kumeneko.